Sikani ya impso pa boma la Kasungu: malo amene sanafulumire kutchula khansa

Ndalowa kanayi m'chipinda cha sikani cha kachipatala kena kolipira ka pa boma la Kasungu, ndipo maulendo onsewo ndinali woperekeza atsibweni anga, mlimi wa fodya wa zaka 63 wa kudera la Santhe. Dzina la malowo ndalisiya dala, chifukwa pali zingapo zimene ndikufuna kudandaula, ndipo sindikufuna kuti dandaulo langa likhale ngati kuimba munthu mlandu pabwalo mwini wake palibe. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe n'chakuti ntchito imene tinalandira kumeneko pa ulendo woyamba inatembenuza nkhani yonse ya matenda a atsibweni, pa nthawi imene banja lonse linali litavomereza kale kuti ndi khansa.

Ululu unayamba m'mwezi wa Meyi, nthawi yodinda mabelo, ndipo atsibweni ankati ndi msana umene watopa ndi kuwerama pa jeke. Unali ululu wosabaya koma wosachoka, wokhala m'munsi mwa nthiti chakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Anamwa mapiritsi opha ululu a m'golosale kwa milungu yambiri, makamaka bufeni, amene tinadzauzidwa pambuyo pake kuti ndi woipa kwambiri kwa munthu amene impso zake zili kale pa mavuto. Pofika mu Julaye thupi linali litatsika moti anaboola bowo lina pa lamba, mapazi ankatupa madzulo, ndipo pansi pa nsagwada panatuluka timibulu tiwiri tolimba, tosapweteka, timene adzukulu ankatiseka ponena kuti agogo adwala matsagwidi atakalamba kale. Munthu wina wa zachipatala amene anawaona poyamba, pamalo ena osati amene ndikulemba pano, anayendetsa makina pamimba kwa mphindi zochepa n'kunena kuti akuona chotupa pafupi ndi impso. Mawu akuti chotupa atafika kumudzi anasanduka khansa dzuwa lisanalowe, ndipo azakhali anayamba kufunsa za amene adzasamale ng'ombe.

Ndiyambe ndi foni, pakuti ntchito ya malo ngati amenewa imayamba munthu asanakwere minibasi. Mtsikana amene anayankha anatiuza momveka kuti atsibweni asadye kanthu m'mawa wa tsikulo, amwe madzi okwana ngati lita imodzi kutatsala ola limodzi, ndipo asataye madzi kufikira atalowa m'chipinda. Malangizo amenewa si mwambo chabe. Makina a ultrasound amatumiza m'thupi mafunde a phokoso loti khutu la munthu silingamve, kenako amamvera mmene phokosolo likubwerera, ndipo madzi amalola mafundewo kudutsa bwino pamene mpweya wa m'matumbo umawatchinga. Chikhodzodzo chikadzaza khoma lake limatambasuka, kotero kuti chilichonse chomera pamenepo chimaonekera. Chikakhala chopanda kanthu chimakwinyika, ndipo makwinyawo akhoza kunamiza maso n'kuoneka ngati chotupa. Ndikudziwa anthu ochokera ku Chamama ndi ku Nkhamenya amene anafika pamalo ena atadya kale ndiponso atataya madzi panjira, nabwezedwa kuti adzabwere mawa lake, choncho foni imeneyi ndimaiwerengera m'gulu la zinthu zimene malowa amachita bwino.

Koma amene anatiuza kuti tifike 8 koloko sanatiuze kuti makina ndi amodzi okha, ndiponso kuti m'mawa umakhala wa amayi oyembekezera. Tinalowa nthawi itadutsa 11 koloko. Munthu wamkulu amene wamwa lita ya madzi ndipo wauzidwa kuti adzigwire sangakhale pa benchi maola atatu popanda kuzunzika, ndipo atsibweni, amene sakonda kudandaula pamaso pa alendo, ankangosuntha miyendo uku thukuta likuyenderera. Magetsi atazima panapita mphindi zoposa 20 jenereta isanalire. Vuto la magetsi si la iwo okha, koma vuto la mzere akhoza kulithetsa mawa lomwe, pongopatula nthawi ya masana kwa odwala impso ndi chikhodzodzo, kapena pouza munthu kuti ayambe kumwa madzi pamene patsala anthu awiri kutsogolo kwake. Chimene ndingayamike pa mbali imeneyi n'chakuti chimbudzi chili pafupi ndi chitseko cha chipindacho ndipo chinali chaukhondo maulendo onse anayi, chinthu chimene chimaoneka chaching'ono kwa okhawo amene sanadikirepo ndi chikhodzodzo chodzaza.

M'chipindamo tinapeza mayi wa zaka za m'ma 30, amene anatilonjera mwaulemu n'kupempha buku la kuchipatala asanakhudze makina. Anawerenga masamba onse, ngakhale akale a malungo, kenako anayamba kufunsa mafunso amene munthu woyamba uja sanafunse. Anafunsa ngati atsibweni amasuta, ndipo iwo anavomera kuti chingambwe anachiyamba ali mnyamata. Anafunsa ngati anadwalapo chifuwa chachikulu, ngati amatuluka thukuta usiku, ndiponso ngati mkodzo unasinthapo mtundu. Kenako anati, "Bambo, kodi muli mwana munakodzapo magazi?" Atsibweni anaseka koyamba tsiku limenelo n'kuyankha kuti, "Mayi, ife okulira m'madambo a Rusa ndi Bua, mnyamata amene sanakodze magazi ndi amene tinkamudabwa."

Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa munthu wodziwa dera lathu ndi munthu wongoloweza za m'buku. Likodzo limayamba ndi tinyongolotsi totuluka m'nkhono za m'madzi odikha, timene timaboola khungu la munthu wosamba kapena wothirira dimba, ndipo tikakula timakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo n'kumaikira mazira. Mazira ambiri satuluka ndi mkodzo koma amakanirira m'khoma la chikhodzodzo ndi m'munsi mwa timapaipi tiwiri totsitsa mkodzo kuchokera ku impso. Chimene chimawononga kwenikweni si nyongolotsiyo ayi, koma nkhondo imene chitetezo cha m'thupi chimachita pozinga dzira lililonse, mpaka khomalo limakhuthala, limamera timibulu, ndipo pakapita zaka limauma ngati lapakidwa laimu. Pa sikani timibulu timeneti tikhoza kufanana kwambiri ndi khansa, koma tambiri timaphwa munthu akamwa praziquantel, mankhwala a likodzo, makamaka akakhala wamng'ono. Chovuta n'chakuti likodzo lokhalitsa limabalanso khansa yeniyeni ya m'chikhodzodzo, ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili pansi pa WHO, linaika nyongolotsi imeneyi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu m'chaka cha 1994. Choncho woyendetsa makina kwathu kuno akaona khoma lokhuthala sangathamangire kunena kuti ndi likodzo basi, ndiponso sangathamangire kunena kuti ndi khansa.

Kuunikako kunatenga mphindi pafupifupi 40. Mayiyo anatembenuzira sikirini kwa ine, atapempha kaye chilolezo kwa atsibweni, ndipo anandionetsa impso ziwiri zimene pakati pake panali mdima wotambalala ngati zala za dzanja, umene anati ndi mkodzo wolephera kutsika. Ya kumanzere inali yotupa kuposa ya kumanja, koma zonse zinali zotsekeka. M'chikhodzodzo munali timizere towala ta likodzo lakale, koma khoma lake linali losalala mkati, lopanda chomera chonga bowa chimene khansa ya pamenepo imakonda kupanga. Apa ndi pamene ambiri akanaima n'kulemba lipoti. Iye anadzifunsa mokweza kuti, ngati m'chikhodzodzo mulibe chotseka ndiponso mwala sukuoneka, nanga n'chiyani chingatseke njira ziwiri nthawi imodzi? Anakweza kachipangizo kake pamwamba pa mchombo, nakanikiza pang'onopang'ono kuti mpweya wa m'matumbo usunthe, mpaka anapeza mtsempha waukulu wa magazi umene umatsika kutsogolo kwa msana. Mtsemphawo unali wokutidwa kutsogolo ndi m'mbali ndi mnofu wakuda wosalala, ndipo ine nditauona ndinakumbukira dothi limene chiswe chimamata pa nsanamira ya chigafa. Timapaipi ta mkodzo timadutsa pafupi ndi pamenepo, ndipo mnofuwo unali utatimeza tonse tiwiri.

Akupukuta mafuta pamimba, anaona timibulu ta pansi pa nsagwada n'kufunsa kuti tayamba liti. Anasintha kachipangizo, naika kena kounikira zinthu za pafupi ndi khungu, ndipo anaunika khosi popanda kuwonjezera mtengo. Anati tiziwalo topanga malovu ndi totupa mbali zonse ndipo mkati mwake muli timadontho takuda tambirimbiri. Atsibweni atafunsa mosapsatira kuti, "Ndiye ndi khansa imeneyi, Mayi?" iye anayankha mawu amene ndinawalemba m'foni mwanga tisanatuluke pa geti: "Bambo, makina angawa amaona mthunzi wa chinthu, saona dzina lake. Pali khansa imene imaoneka chonchi, ndipo pali matenda ena a chitetezo cha m'thupi amene amaonekanso chonchi koma amamva mankhwala. Chimene ndikudziwa lero n'chakuti impso zanu zikufunika kutsegulidwa msanga, ndipo zimenezo sizidikira dzina." Anaitana dokotala wa pamalopo, magazi anayezedwa, creatinine, chizindikiro cha m'magazi chosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, anapezeka wokwera, ndipo tinatuluka ndi kalata yopita ku Lilongwe tsiku lomwelo.

Matenda amene mayiyo ankawaganizira, ndipo amene anadzatsimikizika pambuyo pake, amatchedwa IgG4-related disease. Dzina la Chichewa alibe, ndipo n'zosadabwitsa, popeza ngakhale madokotala a maiko olemera awazindikira posachedwapa. M'chaka cha 2001 madokotala a ku Japan anasindikiza zimene anapeza, kuti anthu ena otupa kapamba, chiwalo chopanga insulin chija, anali ndi puloteni ya chitetezo yotchedwa IgG4 yochuluka m'magazi, ndipo pofika 2003 zinayamba kuoneka kuti matenda omwewo amagwira ziwalo zambiri zimene kale zinkaonedwa ngati zili ndi matenda osiyanasiyana. Amagwira kapamba, njira za ndulu, tiziwalo ta malovu ndi ta misozi, impso, ndiponso malo a kuseri kwa matumbo kumene kumadutsa mtsempha waukulu uja. Kuuma kwa mnofu wa kuseri kumeneko kunafotokozedwa kale mu 1948 ndi dokotala wa ku America dzina lake John Ormond, koma panapita zaka zoposa 50 anthu asanadziwe kuti mwa odwala otero muli ambiri a m'banja limeneli. Matendawa amakonda amuna a zaka zapakati ndi achikulire. Maselo a chitetezo amaunjikana pamalo, amapanga chotupa cholimba, ndipo chotupacho chimasanduka chipsera chofinya chilichonse chili pafupi. Sichibzala mbewu m'ziwalo zina ngati mmene khansa imachitira, koma chikasiyidwa chimapha impso mwakachetechete.

Za ku Lilongwe ndizidutsa mwachangu chifukwa si malo amene ndikuwayeza pano, koma popanda izo ntchito ya ku Kasungu singamveke. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, kudzera pa Madisi ndi pa Mponela, ndipo tinauyenda kangapo. Madokotala anayamba ndi kulowetsa timachubu tapulasitiki m'timapaipi tonse tiwiri kuti mkodzo utsike, ndipo anadikira kuti impso zipume asanajambule CT, sikani yaikulu yojambula ndi cheza cha X-ray, popeza mankhwala a ayodini amene amabayidwa mumtsempha kuti chithunzi chiwale amalemetsa impso zofooka. Dokotala amene anatifotokozera zithunzizo anali ndi lipoti la ku Kasungu m'manja, ndipo analitsatira mzere ndi mzere akutionetsa mmene amasiyanitsira matenda awiriwa. Khansa ya m'njira ya mkodzo nthawi zambiri imakhala mbali imodzi, imamera kuchokera pa khungu la mkati, imasiya m'mphepete muli mokumbikakumbika, ndipo kawirikawiri imadziulula ndi magazi mu mkodzo popanda ululu. Matenda a IgG4 amakonda mbali zonse ziwiri, amakhuthalitsa khoma n'kusiya mkati muli mosalala, ndipo akagwira mnofu wa impso amasiya timadontho tingapo tozungulira kapena tosongoka m'mphepete mwa impso zonse, osati chibulu chimodzi chachikulu. Kuseri kwa matumbo, chipsera cha mtundu umenewu chimakumbatira mtsempha waukulu kutsogolo ndi m'mbali ndipo chimakokera timapaipi ta mkodzo chapakati, pamene khansa ya lymphoma, ya maselo a chitetezo cha m'thupi, imakonda kulowa kumbuyo kwa mtsemphawo, kuunyamula kuuchotsa pa msana, ndi kukankhira timapaipito kunja. Zithunzi za atsibweni zinatsamira mbali ya IgG4 pa mfundo iliyonse, koma dokotalayo anabwereza zimene tinamva ku Kasungu, kuti zizindikiro zimenezi zimalozera njira koma sizigamula mlandu, chifukwa pali khansa zina zimene pa chithunzi zimaoneka chimodzimodzi.

Apa ndi pamene phindu la kuunika khosi kuja, kumene sitinalipire n'komwe, linaonekera. Kuti matenda atsimikizike pamafunika kudula kanyama n'kukaunika pa maikulosikopu, ndipo kufika pa mnofu wokuta mtsempha waukulu ndi ntchito yoopsa ndiponso yodula. Popeza lipoti la ku Kasungu linali litanena kale za tiziwalo ta malovu, madokotala anadula kanyama pansi pa nsagwada, pamalo osavuta kufika. Zotsatira zinatenga milungu ingapo. Maselo a khansa panalibe, koma panali maselo ambiri opanga IgG4, chipsera cholukanalukana ngati mkeka, ndi timitsempha totsekeka, zimene ndi zinthu zitatu zimene akatswiri amafunafuna pa matendawa. Magazi amene anatumizidwa ku labu ya ku Johannesburg anaonetsa IgG4 yoposa malire a 135 mg/dL amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, koma anatichenjeza kuti nambala imeneyi payokha si umboni, popeza odwala ena enieni amakhala nayo yotsika ndipo anthu ena a khansa amakhala nayo yokwera.

Ndakhala ndikusinkhasinkha za zolakwa ziwiri zimene zikanachitika mayi uja akanakhala wofulumira pakamwa. Choyamba ndi chimene chachitikira anthu m'maiko ambiri, amene anachotsedwa impso pamodzi ndi kapaipi kake poganiza kuti ndi khansa, n'kudzamva opaleshoni itatha kuti anali matenda omva mapiritsi. Kwathu kuno cholakwa chimenechi chimabwera mwa njira ina, pakuti banja likamva mawu akuti khansa nthawi zina silipita n'komwe ku opaleshoni, limabwerera kumudzi kukadikira kapena limathera ndalama kwa asing'anga, ndipo ndikudziwa kuti azakhali anali atayamba kale kufunsira njira imeneyo. Chachiwiri ndi kupereka mankhwala a prednisolone, ochepetsa kutupa ndi mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, pongoyerekeza, kanyama kasanadulidwe. Mankhwala amenewa amaphwetsanso lymphoma kwa kanthawi, kotero munthu amaoneka ngati wachira pamene khansa yangobisala, ndipo kanyama kodulidwa pambuyo pake kamavuta kuwerenga. Amadzutsanso chifuwa chachikulu chogona, chimene nachonso chimagwira impso ndi timapaipi n'kunamiza sikani, ndiponso amakweza shuga. N'chifukwa chake atsibweni anayezedwa chifuwa chachikulu, HIV ndi shuga, napatsidwanso praziquantel, asanameze piritsi loyamba la prednisolone kumapeto kwa Sepitembala.

Ulendo wachiwiri ku kachipatala kathu kaja unali mu Novembala, ndipo unandionetsa ubwino weniweni wa kukhala ndi sikani pafupi ndi kwathu. CT ndi yodula, ili kutali, ndipo imagwiritsa ntchito cheza champhamvu cha X-ray chimene sichiyenera kubwerezedwa mwachisawawa, pamene ultrasound ilibe cheza chotero ndipo ikhoza kubwerezedwa nthawi ina iliyonse. Mayi uja anatikumbukira, anatsegula kaundula wake wa chikuto cholimba mmene analemba miyeso ya mu Julaye, ndipo anayeza malo omwewo mwa njira yomweyo. Mnofu wokuta mtsempha unali utapyapyala moonekeratu, mdima wa m'kati mwa impso unali utachepa, ndipo timibulu ta m'khosi tinali titaphwa. Ngakhale zinali choncho sanalole kuti tisangalale mopyola muyeso. Anakumbutsa atsibweni kuti timachubu tikadali mkati ndipo ndi timene tikuthandiza mkodzo kutsika, kotero mayeso enieni adzabwera tikadzachotsedwa. Anawonjezera kuti, chifukwa cha likodzo lakale ndi chingambwe, apemphe madokotala kuti pochotsa timachubuto ayang'anitsitse khoma la chikhodzodzo ndi kamera yawo, popeza khansa yaing'ono yoyala pakhoma ultrasound siiona. Anapemphadi, ndipo kamera sinapeze choopsa.

Ulendo wa mu Januwale ndi umene wachititsa kuti ndisayamike malowa ndi manja awiri. Mayi uja anali pa tchuthi, ndipo m'malo mwake munali mnyamata amene sanatsegule buku la kuchipatala ngakhale ndinamupatsa m'manja. Anaunika impso ndi chikhodzodzo kwa mphindi zosakwana 10, sanafike pa mtsempha waukulu, sanayang'ane m'kaundula, ndipo analemba mizere itatu yonena kuti impso ya kumanzere ndi yotupa pang'ono. Pang'ono poyerekeza ndi liti? Imeneyi inali sikani yoyamba timachubu titachotsedwa, ndiponso mlingo wa prednisolone unali ukutsitsidwa, nthawi imene matendawa amakonda kubwerera, choncho funso lonse linali lakuti kutupako kukukula kapena kukuchepa. Nditamufunsa anayankha kuti, "Achimwene, pa fomu analemba impso basi." Sananame, koma ndalama tinalipira yomweyo. Apa owerenga ayenera kumvetsa chinthu chimodzi chosiyanitsa makina awiriwa. Zithunzi za CT zimajambula mimba yonse, ndipo dokotala wina akhoza kuziwerenganso chaka chamawa n'kupeza chimene mnzake anachiphonya, koma pa ultrasound chimene dzanja silinafikepo palibe amene adzachione, chifukwa sichinajambulidwe. Malo amene ali ndi anthu awiri oyendetsa makina amodzi ayenera kukhala ndi pepala la ndondomeko yofanana kwa onse, ndipo kaundula wa miyeso asakhale chuma cha munthu mmodzi. Ndinadandaula kwa woyang'anira malowo, amene anandimvera mwaulemu n'kulola kuti tidzabwerenso osalipira mayiyo akabwerako, koma ndalama ya minibasi kuchokera ku Santhe, m'mwezi wa mvula ndi njala, inatuluka m'thumba mwathu.

Palinso zina zooneka zazing'ono zimene zimakula munthu akafika kutali. Zithunzi amazisindikiza pa kapepala kopyapyala konga ka lisiti ya m'sitolo, kamene kamafufutika ndi kutentha. Za mu Julaye zinali zitayamba kuzilala pofika Khirisimasi, ndipo chinatipulumutsa n'chakuti ndinazijambula ndi foni tsiku lomwelo. Ndinapempha kuti anditumizire zithunzizo pa WhatsApp, koma anati alibe dongosolo limenelo. Lipoti limalembedwa pamanja m'Chingerezi chokhachokha, zimene n'zomveka popeza likupita kwa dokotala, koma mizere iwiri ya Chichewa youza wodwala tsiku lobwerera ndi zizindikiro zoti athamangire nazo kuchipatala sikanawatayitsa nthawi. Mitengo sinapachikidwe pakhoma, munthu amaimva pa zenera lolipirira, ngakhale kuti lisiti amapereka popanda kuumirizidwa. Kunena zoona mtengowo si wokhoma, pakuti sikani zitatu zimene tinalipira, kuziphatikiza pamodzi, sizinafike pa mtengo wa CT imodzi, imene inameza ndalama zimene atsibweni anasungira feteleza. Katani yotchinga bedi ndi yopyapyala ndipo chitseko sichitsekeka bwino, moti mawu amamveka pa benchi ya panja, ndipo pa boma ngati pathu, pamene wokhala pafupi nawe akhoza kukhala mpongozi wa mnansi wako, zimenezi si zabwino.

Kwa munthu wa ku Kasungu amene wauzidwa kuti ali ndi chotupa cha impso kapena cha chikhodzodzo, ndinganene kuti apite ku malo ngati amenewa, koma aimbe kaye foni afunse ngati woyendetsa makina wamkulu alipo tsiku limenelo, atenge buku ndi mapepala onse akale, anene za chotupa china chilichonse m'thupi ngakhale chikuoneka chosagwirizana ndi mkodzo, ndipo asayembekeze kutuluka ndi dzina la matenda. Munthu wamkulu amene akukodza magazi popanda ululu asakhutire ndi sikani yonena kuti zonse zili bwino, chifukwa ameneyo akufunika kamera ndi CT, zimene zimapezeka kuzipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene odwala otero a m'chigawo chapakati amatumizidwa. Ndipo amene mkodzo wasiyiratu kutuluka, kapena akutentha thupi pamodzi ndi ululu wa m'nthiti, asadikire pa benchi ya sikani ayi, apite kuchipatala chachikulu cha pa boma nthawi yomweyo.

Tinabwerera kumayambiriro kwa Febuluwale. Ulendo uno ndinapempha nthawi ya masana, ndipo atsibweni anayamba kumwa madzi titatsika kale pa depoti. Mayi uja anatsegula masamba a Julaye ndi a Novembala m'kaundula, nayeza mtsempha, impso ndi khosi. Impso ya kumanja inali itabwerera mwakale. Ya kumanzere inali yocheperapo ndipo mnofu wake unali wopyapyala, ndipo anatiuza mosabisa kuti mbali imeneyo inakhala yotsekeka nthawi yaitali, mwina sidzabwereranso mmene inalili. Kutupa kumene mnyamata uja anaona sikunakule poyerekeza ndi mu Novembala. Analemba tsiku lobwerera la mu Meyi pa chikuto cha buku ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo atsibweni anamufunsa ngati angayambe kuthyola fodya, popeza masamba a m'munsi anali atayamba kale kupsa. "Thyolani, Bambo," anatero, "koma bufeni ndi chingambwe muzisiye, ndipo pa jeke chaka chino paime achinyamata."